Khadi la mwana wosabadwa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kafukufuku wanga wa digiri ya udokotala uja, wokhudza amayi otaya magazi pobereka, wandifikitsa kumudzi wina kuseri kwa Chongoni. Ndimacheza ndi aNachisale, azamba akalekale. Nditatchula kwathu ndi dzina la malemu amayi, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini ka fodya.

M'katimo munali khadi la chipani, lofiirira ndi utsi.

"Ili ndi lako, mwanawe," anatero. "Mayi ako akupita kusikelo ku Kasina, anyamata a chipani anawaimitsa panjira. Amvekere, wam'mimbayo nayenso ndi munthu, mugulireni lake. Atafunsa dzina, mayi ako anaseka n'kuti lembani Mwaiwathu."

Tsiku limene amayi anamwalira pondibereka, azambawo analipeza pamfundo ya chitenje chawo, n'kulisunga.

Ndabwerera wapansi nkhungu ikutsika m'phiri. Njira yonse ndimawaona amayi patsogolo panga, atamanga chitenje pamwamba pa mimba, akuseka. Sindinaonepo ngakhale chithunzi chawo, koma lero ndadziwa kuti ankaseka.

Mukudziwa kuti dzina loti Ndaziona anandipatsa ndi agogo pochokera kumanda, ndipo andilera nalo mpaka pano. Buku la kafukufukuli latsala pang'ono kutha, ndipo mtima ukufuna pachikuto palembedwe Mwaiwathu.

Amalume, azakhali, inu mumawadziwa bwino agogo. Ndikakawaonetsa khadili, akakondwa kumva mawu a mwana wawo, kapena akaona ngati ndataya dzina limene andilera nalo?