Tsiku Limene Amake Jonas Anakana Khanda

Dailes anabwera kumudzi wina wa kufupi ndi mishoni ya Akatolika ya Kasisi kuchokera kwawo ku Fort Jameson atangokwatiwa kumene, ndipo anthu sanachedwe kuzindikira kuti mayiyu mawu akuti "ayi" anawaiwala kum'mawa komweko. Mayi akamwalira pobereka, kapena mkaka ukamuuma, achibale ankakulunga khanda m'nsalu n'kulunjika nalo kwa Dailes kuti akaliyamwitse. Kutchalitchi ankamutama kuti ndi mayi wa mudzi wonse. Kutama kokhakokha! Wobwera ndi kalichero ka mtedza kuti woyamwitsayo adye, ameneyo sanaonekepo.

Dzinja la 1954 linamupeza akuyamwitsa awiri, mwana wake Jonas ndi kamtsikana ka mlamu wake. Nkhokwe inali itatha, chimanga chisanache. Akawerama ndi khasu, m'maso munkachita mdima.

M'mawa wina a Langford, mkulu wa mpingo wa Dachi, anafika ndi amayi angapo. Kumbuyo kwawo kunali Sanford, amene mkazi wake anali ataikidwa dzulo lake, atafukata khanda.

"Amake Jonas," anatero a Langford, "takubweretserani mwana wanu wina."

Dailes anagwada mwaulemu, koma manja sanatambasule.

"Pepani atate, uyu sinizamuyamwitsa."

Anthu anangoti kukamwa yasa. Mayi wina anagwira pakamwa, wina amvekere, "Mwati bwanji? Inu amene? Mwana wa mnzako ngwako yemwe!"

Dailes anamasula mbereko n'kumutsitsa Jonas pamphasa, ndipo amayi aja anabwerera m'mbuyo. Mwana woti anakwanitsa kale chaka, miyendo ngati mapesi a mapira, tsitsi lofiirira, ngakhale mphamvu yolirira analibe. Masiku onsewo ankakhala kumbuyo kwa mayi ake atafundidwa nsalu, ndipo palibe amene anavundukulapo kuti amuone. Manyazi anawagwira onse, ndipo anayenera kuwagwira.

"Uyu nayenso ni mwana," anatero Dailes. "Nikalandira wachitatu, muzaika atatu, ine wachinayi. Bere nakana, koma miyendo nili nayo. Tiyeni nimupereke ku Kasisi, masisitere amalera ana na mkaka wa ng'ombe."

A Langford anachita ngati aponda njoka. "Kwa Aroma? Mwana wa mpingo wathu?"

"Atate, mufuna afe wa Dachi, kapena akhale na moyo?"

Sanford anapukuta misozi. "Tiyeni, amai."

Anapita tsiku lomwelo, ndipo masisitere analilandira khandalo. Kuchokera pamenepo Dailes sanasiye kuthandiza. Ankatungira madzi odwala, ankapita kumishoni kukaona mwana wa Sanford, koma wobwera ndi khanda ankamuperekeza ku Kasisi. Kamtsikana ka mlamu wake anakayambitsa phala. Amayi ena anatha miyezi osamupatsa moni, ndipo zinkamuwawa, chifukwa anali munthu wozolowera kukondedwa.

Nthawi yokolola, Dailes akusinja pabwalo, Jonas anakwawira pamtondo, anaugwira, n'kuimirira yekha, timawondo tikunjenjemera. Mayiyo anataya musi n'kulira mokweza, moti amayi omwe aja anathamangira kwawoko atamanga kale nsalu m'chiuno, poganiza kuti mwana uja wapita.