Leyazi wanga walira kokoliliko

Abale anga, ndigwireni ndisanakapalamule pa Dwangwa. Miyezi isanu yathunthu ndakhala ndikudikira mazira kwa atambala. Eee, mwawerenga bwino. Atambala!

Ndinali ndi nkhuku zanga zalokolo zisanu, zoikira bwinobwino. Mwini tiyirumu ina kuno ku Nkhunga, kumene amamwera tiyi anthu odula nzimbe, anandiuza kuti ndikamakwanitsa mazira khumi tsiku lililonse azigula kwa ine. Mtima unathamanga. Ndinagulitsa zonse zisanu kwa aneba anga, amake Shakira, kuti ndikagule zachizungu. Amuna anga anangoti, "Bizinesi imeneyi supezapo ngakhale tambala." Ine ndinati tiona.

Pashopu ina ya zaulimi pa Dwangwa, dzina ndikulisunga kaye, ndinapeza bambo wovala jasi loyera ngati dokotala. Ndinafunsa kawiri kuti kodi ndi zaleyazi izi? Akuti, "Leyazi weniweni, mayi. Pakatha masabata 18 muzitolera m'beseni." Anapiye 12 m'katoni, ine ulendo.

Ndiye ndinazilera, inu! Katemera wa chitopa. Mbaula mphepo ya mwera ikavuta. Matumba anayi a chakudya, kuthiramo ndi usipa woti ana anga akanadyera. Madengu oikiramo ndinayalamo udzu wofewa kuposa mphasa yanga.

Sabata ya 18, zii. Lolemba 9 koloko ndili pashopu. Akuti ndi mwera, nkhuku zazizidwa. Sabata ya 19 akuti mukuchulukitsa gaga, gulani thumba lina. Ndinagula, chitsiru ine. Mufunsa kuti michira sindinkaiona? Ndinkaiona, ndipo ndinafunsa. Akuti nkhuku zachizungu zimaoneka choncho, n'chifukwa chake mazira ake amakhala akuluakulu. Ndikanatsutsa bwanji munthu wa jasi loyera?

Sabata ya 20 akuti ikani dzira limodzi m'dengu zione chitsanzo. Ndinakagula dzira kwa amake Shakira. Dzira la nkhuku yanga yomwe ija! Zinaliyang'ana, n'kulijompha, n'kulimwa.

Ndiye Lachisanu lapitali, 4:20 m'mamawa, kumzikiti asanaitane n'komwe, ndinangomva kumbuyo kwa nyumba mawu osasa: kokoliliko! Ndinati mwina ndi za aneba. Ina n'kuyankha. Kenako khola lonse. Amuna anga anadzuka, n'kukhala tsonga, akuti, "Mashallah, leyazi wako akutidzutsira swala." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine manyazi anandigwira, misozi ili mbwee.

8:15 ndili pashopu, tambala mmodzi ndamukwapatira. Bambo uja nkhope ili gwa. Akuti, "Mayi, munafunsa ngati ndi zaleyazi. Ndi zaleyazi ndithu, amayi ake amaikira koopsa. Kodi munafunsa ngati ndi zazikazi?" Astaghfirullah! Ndiye munthu wofuna mazira azichita kunena kuti akufuna nkhuku yaikazi? Nanga beseni lija ndimati ndizitoleramo chiyani, zitosi? Tambala uja analira pakauntala pomwepo. Akuti, "Mwaona thanzi lake? Mudzagulitse pa Idi." Idi yake iti? Adya chiyani mpaka nthawi imeneyo, jasi lanulo?

Watiyirumu anatopa n'kudikira. Pano akugula kwa amake Shakira. M'mawa uliwonse amake Shakirawo amadutsa pakhomo panga ndi mazira a nkhuku zanga, n'kundipatsa moni mwaulemu. Zimandiwawa, sindinama.

Inu a shopu, ndikudziwa mukuwerenga. Ndikufuna misoti 12 yoti ndaiona ikuikira ndi maso angawa, pofika Lachisanu. Apo ayi, dzina lanu ndilemba pano, ndipo anyamata anuwa ndidzawamangirira pakhonde panu kuti azikuitanirani makasitomala. Enanu mukamagula leyazi, funsani ngati ndi mayi kapena bambo.

Dzulo amuna anga anapepesa pamaso pa aneba onse. Akuti anandilakwira ponena kuti sindipezapo ngakhale tambala.

Ndapeza 12.