Zipinda zinayi za a Zangaphee

Alendo zikwi zisanu ndi zitatu pachaka: ndicho chiwerengero chimene mkulu wina wa ku tauni anatiuza pamsonkhano paboma mu 1996. Anati onsewo amadutsa m'dera lathu kudzaona malo, ndalama zili m'thumba.

A Zangaphee Mbewe a ku Mlolo, amene akhala akulima thonje kuyambira unyamata, anakhulupirira. Anagulitsa ng'ombe zawo zolimira n'kumanga zipinda zinayi zogona alendo m'mbali mwa msewu. Malata anagula kwa ine. M'mawa uliwonse ankasesa pabwalo, kuvala jekete, n'kukhala pakhomo kudikira azungu.

Ine ndimadutsa malire ndi nyemba kawirikawiri, choncho ndinkadziwa amene amawerengedwa kumeneko ngati alendo: ife amalonda, oyendetsa malole ndi amayi opita kumaliro. Ndinawauza a Zangaphee zimenezi atamaliza kukhoma denga.

"Iwe Takondwa, bwanji sunanene kale?"

"Mukanagula malata anga, amalume? Musadandaule, mmodzi mwa alendowo ndine. Si uyu ndafika?"

Sanaseke. Tsopano akulima ndi khasu, mvula yagwa, ndipo feteleza alibe. Loweruka ndiwapititsira matumba awiri kuti andisiyire zipindazo, ndizisungiramo mtedza.