Mayi Idesi Zakeyu, Amene Ankayambira Nyimbo Pamwamba

Mpingo wathu wa ku Nathenje wataya mayi Idesi Zakeyu, amene anatiyambitsira nyimbo kwa zaka makumi atatu. Tinene zoona pamaso pa Mulungu: m'zaka zonsezo ndi nyimbo zochepa zimene tinazimaliza tonse.

Mayiwa anabadwira ku Mitundu, m'banja la matenanti a pa esiteti ya fodya. Ali mtsikana, ntchito yawo inali yoitana anthu kumunda chakudya chikapsa, ndipo akuti akakuwa, ngakhale a esiteti yoyandikana nayo ankatula makasu. Atakwatiwa ndi bambo Efulemu, okonza njinga, anasamukira kuno n'kuyamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Oitanira minibasi anaphunzira kudikira kuti mayiwo apume kaye.

Mawu amenewo anawapereka kwa Ambuye. Analowa Chigwirizano cha amayi, ndipo m'tchalitchi, pamaliro ndi kwa odwala, oyambitsa nyimbo anali iwo. Vuto linali limodzi: ankayambira pamwamba zedi. Pofika pakati, abambo amakhala atagwa kale, amayi akugwira pakhosi, iwo okha akupitiriza maso ali chitsinzinire. Wina akadandaula ankayankha kuti, "Mulungu amakhala kumwamba. Ndikaimbira pansi amva ndani?" Palibe amene analimba mtima kuwalanda udindowo, poti pamaliro ankafika oyamba ndi mtolo wa nkhuni, n'kuchoka omaliza atatsuka mbale.

Zaka zitatu zapitazo anawapeza ndi khansa ya m'bere. Anawachita opaleshoni ku Lilongwe, kenako anayamba kulandira mankhwala a m'diripi. Tsitsi litathothoka anangoseka, amvekere duku siliulula za m'kati. Koma patatha miyezi iwiri anayamba chifuwa chouma ndi kubanika popuma. Apa ndiye anaopa. Sanaope imfa ayi. Anaopa kulandidwa udindo ndi a Memory, aphunzitsi a mawu okoma, amene anali atangosamutsidwira kuno ndipo ankakhala kumbuyo kwawo, buku la nyimbo atatsegula kale.

Choncho chifuwacho anachibisa. Ankadziwa ndi bambo Efulemu okha, amene anawiritsa masamba a bulugamu n'kumawafunditsa mayi bulangeti pamwamba pa poto, m'mawa ndi madzulo. Mayi ankatulukamo thukuta lili kamukamu, chifuwa chili pomwepo.

"Chubu chikamatuluka mpweya ndimachiviika m'madzi n'kuona pobooka," anadandaula bambowo. "Nanga inu ndikuviikani pati?"

Tsiku lina la Mulungu mayi anaimirira kuti ayambitse nyimbo. Anatsegula pakamwa, koma munangotuluka kamluzu. Anakhala pansi mtima ukuwawa, akudikira kumva mawu okoma aja kumbuyo kwawo. Mawuwo sanamveke. A Memory anatseka buku, nawagwira paphewa, ndipo tsiku lomwelo anakwera nawo minibasi ya ku Lilongwe, pamodzi ndi bambo Efulemu.

Adokotala atawaunika anati, "Mayi, si TB, si chimfine. Mankhwala amene akulimbana ndi khansa aja atupitsa mapapo anu. Zimachitika kwa ena, ndipo n'zoopsa mukazengereza. Chifuwachi chayamba liti?"

"Dzana," anatero mayi.

"Masabata atatu, adokotala," anatero bambo Efulemu akuyang'ana pansi. "Bulugamu wa kuseri kwa nyumba watsala nthambi zokha."

Limeneli ndilo bodza lokhalo la mayi Zakeyu limene mpingo ukulidziwa, ndipo analilapa asanatuluke m'chipindamo. Anawaimitsa mankhwala aja, anawapumitsira m'makina, n'kuwapatsa mapiritsi ochepetsa kutupa. Anachira, koma mpweya wakale sunabwerere.

Atabwerako anapita kwa a Memory kukatula udindo, misozi ili m'maso. Aphunzitsiwo anakana. "Inu muziyamba, amayi, ife tizinyamula."

Anayambadi, ndi kampweya kamene kanatsala, motsika kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. Mpingo wonse unaimba mpaka ndime yomaliza, abambo ndi agogo omwe. Mkulu wa mpingo, bambo Gilibati, anavomera pambuyo pake kuti ndime yachinayi anaidziwa tsiku limenelo. Mayi Zakeyu anatembenuka n'kutiyang'ana modabwa.

"Kani mumatha kuimba? Ndiye zaka zonsezi ndinkapita ndekha, ndikumati ndikukutsogolerani!"

Anatiyambitsira chotero kwa zaka ziwiri, ndipo aliyense amene anali pa mankhwala ankamuuza kuti, "Chifuwa si chobisa, ukanene msanga." Khansa itabwerera sanadandaule. Anamwalira mwamtendere m'mawa wa Lachiwiri, pakhomo pawo, dzanja lawo lili m'manja mwa amuna awo.

Kumanda a Memory anayambitsa nyimbo pamwamba mwadala, pomwe paja. Tinagwa m'modzim'modzi monga kale, tikuseka ndi misozi. Anatsala munthu mmodzi yekha. Bambo Efulemu, amene pa zaka zonse zoimbira pamwamba zija sanafikepo pakati pa nyimbo, anakwera nayo ndi mawu osasa, mitsempha ya m'khosi ili njo, mpaka anaimaliza.