Suti ya alamu anga ndi chithunzi cha m'mutu

Lolemba lapitali ndinaperekeza alamu anga, a Sakala a ku Sinda, kukajambulitsa. Pa zonse zimene adokotala anawauza, iwo anatolapo mawu amodzi okha: kujambula.

Nkhani yake ndi iyi. Mutu unawagwira mbali imodzi, kuyambira m'khosi mpaka kuseri kwa diso, chikope chakumanzere n'kugwa. Iwo n'kumangomeza panado. Mlongo wanga, yemwe ndi akazi awo, atatopa nazo anawakokera kuchipatala. Kumeneko anati akukayikira kuti mtsempha wopititsa magazi ku ubongo wang'ambika m'kati, ndiye apite msanga kuchipatala chachikulu komwe kuli makina ojambula m'mutu. Akachedwa, magazi atha kuundana pong'ambikapo, munthu n'kufa ziwalo, mwinanso kutisiya kumene.

Ine mantha anandigwira, sindinama. Koma eni mutu ndinawapeza pokwerera minibasi ku Katete ali mu suti ya pa ukwati wawo, tayi wofiira, chipewa cha nthenga, nsapato zili waliwali.

"Alamu, mupita kuchipatala kapena kukafunsira mbeta?" ndinawafunsa.

"Ati akanijambula. Manje mufuna nioneke monga nachoka kudimba?" Anayang'ana uku ndi uku. "Tiyambe tapita kwa wometa, anichotseko ndevu, anithyoleko na khosi pang'ono."

Amuna anzanga, izi mukuzidziwa. Wometa akamaliza amakugwira chibwano ndi nkhongo, n'kukupotokola mpaka khosi lilire. Iwe n'kudzuka pampando ukuti thupi lapepuka, n'kumuyamikanso kuti ali ndi dzanja labwino. Mlongo wanga anangowagwira mkono n'kuwalowetsa m'minibasi, ndevu zili pomwepo.

Titafika, mtsikana woyendetsa makinawo anawalonjera mwaulemu, kenako n'kuyamba kuwasenda.

"Atate, vulani chipewa, jekete, tayi ndi magalasi. Ngati muli ndi mano oikirira, nawonso."

"Nanga chithunzi chituluka bwanji, mayi?"

"Ife tifuna zam'kati."

Anawapatsa mkanjo wa odwala, uja womanga kumsana. Munthu amene anazunguza Katete yonse ndi suti analowa m'chipindamo atagwira mkanjo kumbuyo ndi manja awiri.

Zam'katimo anandifotokozera okha. Anawagoneka pakabedi kolowa m'chimphete chachikulu, n'kuwabaya mankhwala pamkono oti mitsempha ioneke bwino. Mtsikanayo anawachenjeza kuti amva kutentha thupi lonse, ngati akudzikodzera, koma asadandaule. Iwo sanamve, anali otanganidwa ndi kumwetulira kuti chithunzi chikongole. Potuluka anandinong'oneza, nkhope ili gwa: "Alamu, nionereni kumbuyo. Nachita ngozi?" Anali owuma bwinobwino.

Kuseka kunatha adokotala atatiitana. Pakompyuta panali mitsempha ya alamu anga, yoyera ngati mizu, umodzi utapanikizika pamalo pena. Adokotala anatenga jekete lija n'kulitembenuza.

"Mtsempha uli ngati jekete ili, bambo. Pali nsalu yakunja ndi yam'kati. Yanu yam'kati yang'ambika pang'ono, magazi akulowa pakati pake, njira n'kuchepa. Kodi khosili linapotokoledwapo posachedwa?"

Alamu anga anayang'ana nsapato zawo. Mlongo wanga ndiye anayankha kuti mutuwo unayamba tsiku lomwe anakameta. Adokotala anati sangalumbire kuti ndi wometayo, poti nthawi zina mtsempha umang'ambika wokha, koma zothyola khosi zithere pomwepo. Anawapatsa mapilitsi oletsa magazi kuundana n'kuwauza kuti adzabwerenso kudzajambulitsa. Anati tafika nthawi yabwino, ndipo mlongo wanga anagwetsa misozi.

Ife kujambulitsa timakukonda. Pa ukwati, pa mwambo wa Kulamba, ngakhale pamaliro, foni m'mwamba, mimba tabweza m'kati. Koma tiuzidwe zokajambulitsa m'kati mwa thupi, zifukwa zimachuluka: kumunda kuli ntchito, ndi mutu chabe, makina aja amafupikitsa moyo. Zoona makinawo ali kutali, ndipo munthu wa ku Vubwi ayenera kulimba mtima kuti akawapeze. Limenelo ndi dandaulo lomveka, a boma alimve. Komanso si mutu uliwonse wofuna makina. Koma mutu wachilendo wobwera mwadzidzidzi, khosi likuwawa mbali imodzi, chikope chagwa, lilime likulemera kapena mkono wachita dzanzi, umenewo mukuupatsa panado kuti atani nawo?

Pobwerera mlongo wanga anati chithunzicho achipachike pabalaza, akuchimuna aone kuti ubongo ulimo ndithu. Alamu anga anali atatembenuza jekete lawo pamiyendo, chala chitalowa m'chibowo cha nsalu yam'kati, chakukhwapa.

"Onani, alamu," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi anthu anitamanda na suti iyi."

Inunso mwatchena lero, ndakuonani. Nanga m'katimo anayang'anamo ndani?