Maungu Osayanga

Njere zinali zisanu ndi zitatu, zokulunga m'kalata. Anabwera nazo munthu wa ku Sanga pochokera ku Halale, kumene akulu anga ankaphikira mzungu. Pondipatsa anangoti, "Akuti udzale izi. Zikachita bwino, pa Khirisimasi adzakutenga. Bwana wawo akufuna wa m'dimba."

Kalatayo sindinaiwerenge. Sukulu ndinaisiya ndikadali pa sileti, nditamuswa mnzanga mphuno, ndipo zilembo zolumikiza za akuluwo zinkandionekera ngati ukonde wopotana. Alamu anga, akazi awo, ankawerenga bwino. Anatambasula dzanja.

"Bweretsani, mlamu, ndikuwerengereni."

"Kalata ndi yanga."

"Yanu ndithu. Nanga ikukuuzani chiyani?"

Ndinaipinda n'kuisomeka kudenga. Tsiku lomwelo, Seputembala asanathe, ndinatsikira kudambo, kuseri kwa munda wathu wa chinangwa ku Kande, n'kudzala zonse. Anzanga akupita kokoka khoka, ine ndili pikitipikiti ndi chitini cha madzi, amayi a pachitsime akundiseka. Ndinkangoluma mano. Ku Halale kunali m'maenje asanu ndi atatu amenewo.

Zinamera zisanu ndi imodzi. Maungu ake achilendo: osayanga, kungounjikana pamodzi ngati chitsamba, mapesi obaya. Mwezi umodzi ndi theka, anayamba kubala timaungu tatitali ngati nkhaka.

M'mawa wina ndinapeza alamu ataima m'dimbamo ndi dengu, chala chili rii pa kadzungu.

"Aka kakwana kuthyola," anatero.

Mutu unanditentha. Kwathu dzungu lanthete sitililoza ndi chala, limafota. Umaloza ndi chibakera, kaya ndi milomo. Ndi mwana yemwe amadziwa.

"Chotsani chala icho!"

"Mlamu, awa si maungu athu aja. Akulu anu ankanena kuti..."

"Mukufuna ndiwolere pano ngati inu, eti? Tulukani!"

Dengu lija ndinalimenya theche, linakagwera m'matope. Alamu analitola, n'kulikutumula pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Chabwino. Asungeni mpaka amere ndevu."

Patapita masiku atatu, tiwiri tinachita chikasu n'kuthothoka. Ndinakataya tonse pakhomo pawo, ndikukalipa mpaka agalu anathawa. Ndinamanga mpanda wa bango. Kuyambira pamenepo chakudya ankangondiikira pakhonde, osayankhula, ine n'kumadya ngati ndikumeza mchenga.

Otsalawo anakula. Mkono, kenako ntchafu. Khungu linalimba moti chikhadabo sichinkalowa. Maluwa analeka kutuluka, ndipo mvula itayamba masamba anachita mbuu ngati wawaza phulusa, n'kuuma. Nkhawa inalipo, komabe ndinkati dzungu n'kukula. Ndinasankha anayi onona, n'kuwandanditsa pakhonde.

Akulu anafika Khirisimasi itatsala masiku awiri. Asanavule n'chipewa chomwe, anagogoda limodzi ndi chala.

"Iwe, awa ndi maungu kapena mabwato?"

Anthu anaseka. Ine ayi.

"Kudimba kwatsala chiyani?"

"Auma."

"Kalata yanga unawerenga?"

Alamu analoza kudenga, ndi milomo. Akulu anaisolola itada ndi utsi, n'kuwapatsa akazi awo. Anawerenga mosakweza mawu, koma liwu lililonse linandilasa.

"Usafulumire kudzala. Dikira Novembala alowe, kuti ndidzawapeze ali anthete. Uzithyola akafika kutalika kwa chikhatho. Ukawalekerera kuti akhwime, mtengo umaleka kubala ndipo mzungu sadya. Mlamu wako akuthandiza kuwerenga."

"Anawaloza ndi chala!" ndinakuwa. "Awiri anafa chifukwa cha iwowa!"

"Anayiwa ndiye anawaloza ndani?" anafunsa akulu.

Ndinatembenuka kuti ndichoke.

"Tamvera," anatero akulu. "Khasu umalitha, ndaona. Koma wa m'dimba wosauzika, bwana amuchotsa sabata lomwelo, ine pambuyo pake. Chaka chino iyayi."

Ndinanyamula lalikulu koposa n'kuliphwanya pamwala wonolera nkhwangwa. Njere zinati mbwee pabwalo. Ndinapita kunyanja osacheuka.

Akulu anabwerera okha mu Januwale. Njere zija ndinadzazipeza m'chikho pamwamba pa moto, zotsuka ndi zouma. Anatola ndi alamu, nkhuku zisanazione.

Ndinazizungulira miyezi yambiri. Dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha mchenga, ndinaima pakhomo pawo ndi dengu latsopano loluka ndekha, lopotoka mbali imodzi.

"Alamu, paja anati liti?"

Analiyang'ana dengulo, n'kundiyang'ana ine.

"Kabweretseni kalata. Muwerenga ndinu, ine ndizingoloza."