Ndodo Yoyezera Kasupe

Kwa Nthache kuli bambo ena achikulire amene sasiyana ndi ndodo, chonsecho miyendo yawo ndi yolimba. Ndodoyo ndi yoyezera madzi. Chaka chilichonse, dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, amatsikira kukasupe wa m'mudzimo, n'kuiviika, n'kudinda kamzere ndi mpeni pamene madzi alekezera. Akapeza wootcha makala akunola nkhwangwa chapafupi, sakalipa. Amangomuonetsa timizereto n'kunena kuti, "Mtengo ukagwa kuno, ndowa imalira kumudzi."

Chaka chatha timakomiti tosamalira mitsinje anatiphatikiza kukhala bungwe limodzi lalikulu, ofesi yake kutauni. Komiti ya m'mudzimo, imene bambowa anali membala wake, inathera pomwepo. Kenako kunabwera mayi wa kubungweko kudzatolera mabuku a makomiti akale. Bambowa anangopereka ndodo ija.

Mayiyo anayamba ndi kuseka, koma atawerenga timizere makumi awiri ndi titatu, kuseka kunatha. Anapempha kuti apite nayo kuofesi.

"Tengani, mayi," anatero bambowo modekha. "Koma Okutobala akakwana, ndani kumeneko adzatsike nayo kukasupe?"

Mayiyo anaijambula pafoni, n'kuibweza ndi manja awiri.